Kachitsulo kosaoneka ndi maso

Wophunzira watsopano akafika mu labotale yathu, sabata yoyamba ndimamupatsa ntchito yotsuka mabotolo. Ena amachita tsinya, poti anabwera kudzachita PhD, osati zotsukatsuka. Ndimangowasiya, amadzamvetsa okha.

Ife timafufuza za catalysis, kutanthauza kufulumizitsa kulumikizana kwa mankhwala pogwiritsa ntchito catalyst. Catalyst ndi mkhalapakati: amagwira mamolekyu (tizigawo ting'onoting'ono ta mankhwala) awiri omwe paokha sakanayandikana, amawalumikiza, kenako amachokapo ali momwe analili n'kukagwira ena. Zitsulo monga palladium, nickel, rhodium ndi ayironi zimaitha ntchitoyi chifukwa zimalandira ndi kubweza maelekitironi mosavuta. Atomu imodzi ya palladium itha kubwereza zimenezi kambirimbiri isanatope, n'chifukwa chake timangothira pang'ono zedi. Ubwino wake ndi umenewo, vuto lakenso ndi lomwelo. Ngati kachitsulo kochepa chonchi kamagwira ntchito yaikulu, ndiye kuti ngakhale komwe sunathire dala, kongotsalira m'botolo, kagwiranso.

Zinamuchitikira katswiri wa sayansi Karl Ziegler ku Mülheim, ku Germany, cha m'ma 1953. Mpweya wa ethylene womwe unkayenera kulumikizana kukhala tcheni chachitali unkangothera pa mamolekyu awiriawiri. Atafufuza, anapeza kuti m'chiwiya chawo munatsalira tinickel. Munthu wina akanangotsuka chiwiyacho n'kuiwala. Iye anadzifunsa kuti, nanga zitsulo zinazo zingatani? Anayesa chimodzichimodzi mpaka anafika pa titanium, yomwe inapanga pulasitiki ya polyethylene popanda kupanikiza mpweya mwamphamvu ngati kale. Mu 1963 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi katswiri mnzake Giulio Natta.

Koma si nthawi zonse litsiro limakupatsa mphoto. Pali njira yolumikizira maatomu a kaboni yomwe katswiri wa ku Japan Akira Suzuki anatulukira mu 1979, ndipo makampani opanga mankhwala amaidalira kwambiri. Imafuna palladium, chitsulo chodula. Mu 2003 akatswiri ena analengeza kuti aichita popanda palladium n'komwe. Patatha zaka ziwiri, eni ake omwewo anapeza kuti palladium inalimo ndithu, itabisala mu mankhwala a sodium carbonate omwe ankagwiritsa ntchito, magawo 50 okha pa biliyoni. Ine ndimawalemekeza anthu amenewa, chifukwa kudzitsutsa wekha pagulu n'kowawa, ndipo ambiri amangoti zii.

Ndiye wophunzira akandithamangira ndi chimwemwe kuti zatheka popanda chitsulo, sindifulumira kusangalala. Ndimayamba ndaona kamaginito koyera kovundulira mankhwala m'botolo. Kakakalamba kamakandika, ndipo m'mikwingwirimamo mumada bii ndi palladium ya chaka chatha, yomwe sopo sangaichotse. Ndimamuuza atenge botolo latsopano, kamaginito katsopano ndi mankhwala ogula kwina, abwerezenso katatu. Kawirikawiri amabwera mawa lake nkhope ili pansi, atanyamula kamaginito kakale kaja kuti akakaviike mu asidi.