Mahedifoni anu sanawonongeke, vuto ndi maikolofoni

Pa ntchito yanga yokonza makompyuta, dandaulo ili ndimalimva kawirikawiri. Mahedifoni a Bluetooth pafoni amamveka bwino, koma mukangowalumikiza ku laputopu n'kulowa pa Zoom kapena Teams, mawu amayamba kumveka ngati akuchokera m'chitini. Ena amabwera atatsimikiza kale kuti anagulitsidwa feki. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu akufuna kutaya chinthu chabwinobwino.

Nkhani ili chonchi. Bluetooth ili ndi njira ziwiri zotumizira mawu. Yoyamba, A2DP, ndi ya nyimbo, imapereka mawu athunthu, khutu lililonse n'kumamva zakezake, koma imangoyenda mbali imodzi, kuchoka ku kompyuta kupita kwa inu. Pulogalamu ikangotsegula maikolofoni ya mahedifoniwo, amasamukira ku njira yachiwiri, HFP, yomwe anaipangira kulankhulira pafoni. Apa mawu amapanikizidwa kufika pa 8 kapena 16 kHz, pomwe nyimbo zimayenda pa 44.1 kapena 48 kHz (nambala ya kHz ikachepa, mawu samveka bwino). Kukoma konse kumathera pomwepo.

Ndiye musalole kompyuta kugwiritsa ntchito maikolofoni imeneyo. Mu Zoom kapena Teams, pamene pamasankhidwira maikolofoni, sankhani ya laputopu, ndipo mahedifoni akhale omvera basi. Pa Windows 10 mupeza mahedifoni anu alembedwa kawiri, lina "Stereo", lina "Hands-Free". Pamene pamasankhidwira sipika, tengani la "Stereo". Zikapitirirabe, lowani ku Devices and Printers mu Control Panel ya Windows, tsegulani Properties ya mahedifoniwo, pitani pa Services n'kuchotsa chizindikiro pa Handsfree Telephony. Maikolofoni yawo isiya kugwira ntchito pa kompyutayo, koma nyimbo sizisinthanso. Kwa amene mumachita misonkhano tsiku ndi tsiku, ine ndimalangiza kugula kamaikolofoni ka USB kapadera.

Mawu akamadukaduka, ilo ndi vuto lina. Bluetooth imayenda pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz, pomwenso pamadutsa Wi-Fi, ndipo zipangizo za USB 3.0 zimasokoneza pomwepo. Ndinaonapo kompyuta itabisidwa pansi pa tebulo, kachida ka Bluetooth kali kumbuyo, kataphathikana ndi hard disk yakunja. Tinangokasamutsira kutsogolo ndi kachingwe kakafupi ka USB, kudukaduka kunatha. Ngati rauta yanu, chipangizo chimene chimapereka Wi-Fi, ili ndi 5 GHz, lumikizani laputopu kumeneko kuti njira ya 2.4 GHz ipepukidwe.