France inagwera pa Sedan

Ambiri amaganiza kuti France inagonja mu 1940, pa Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse, chifukwa Germany inali ndi zida zochuluka. Ziwerengero zikukana. Pa 10 May 1940, tsiku limene Germany inayamba kuukira kumadzulo, France ndi Britain pamodzi anali ndi akasinja oposa 3,000, pamene Germany inali ndi pafupifupi 2,500. Kasinja wa France wotchedwa Char B1 anali ndi chitsulo chokhuthala moti mfuti wamba zowombera akasinja zinkangomukanda. Vuto linali kumene asilikali anaikidwa komanso kuchedwa kwa malamulo.

Mkulu wa asilikali a France, Maurice Gamelin, ankadikirira adani ku Belgium, njira imene anadzera mu 1914. Germany itaukira Netherlands ndi Belgium, iye anathamangitsira magulu ake amphamvu kumtsinje wa Dyle, ndipo gulu limene likanatsala kumbuyo kuti lizitseka mipata analitumiza kutali ku Breda, m'dziko la Netherlands. Anali atameza nyambo. Pa magulu 10 a akasinja a Germany, 7 ankadutsa m'nkhalango ya Ardennes, dera lamapiri ndi timisewu topanikizika kumene akuluakulu a France ankati gulu lalikulu silingadutse msanga. Magalimoto anathinanadi kwa masiku, koma ndege zoti ziwaphulitse sizinabwere zokwanira.

Tsopano pa Sedan, tauni ya ku France imene ili potulukira m'nkhalangoyo, m'mbali mwa mtsinje wa Meuse. Malinga ndi mmene asilikali a France anaphunzitsidwira, mdani sawoloka mtsinje waukulu asanasonkhanitse mizinga, ndipo ntchito imeneyo imatenga masiku angapo. Heinz Guderian, mtsogoleri wa akasinja a Germany kumeneko, sanadikire mizinga. Pa 13 May anagwiritsa ntchito ndege, zina mwa izo za Stuka, zomwe zinaponya mabomba kwa maola ambiri. Mabombawo sanaphe anthu ochuluka, koma anadula mawaya a lamya ndi kuthetsa nzeru asilikali a France a gulu la 55, omwe ambiri anali achikulire ongoitanidwa kuchokera kumakomo. Cha m'ma 4 koloko masana asilikali oyenda pansi a Germany anawoloka pa timaboti tamphira, ndipo usiku amisiri anayala mlatho woyandama. Chomvetsa chisoni n'chakuti madzulo omwewo mphekesera inafala kuti akasinja afika ku Bulson, asilikali n'kuthawa kusiya mizinga, pomwe kasinja ngakhale mmodzi anali asanawoloke. Anawoloka m'mawa mwake.

Mpata umenewu ukanatsekeka. Koma likulu la Gamelin ku Vincennes, pafupi ndi Paris, linalibe wailesi. Uthenga unkayenda pa lamya ndi pa njinga zamoto, ndipo lamulo likamafika linkapeza zinthu zitasintha kale. Akasinja a Germany anali ndi mawailesi, atsogoleri awo monga Guderian ndi Erwin Rommel ali kutsogolo komweko. M'kasinja wa France, munthu mmodzi yemweyo ankayang'ana adani, kuika chipolopolo, kuwombera ndi kulamula anzake.

Pofika pa 20 May akasinja a Germany anali kunyanja kufupi ndi Abbeville, magulu onse a France ndi Britain amene anapita ku Belgium atatsekeredwa. Asilikali pafupifupi 338,000 anapulumutsidwa pa sitima ku Dunkirk, zida zawo zikuluzikulu n'kutsala pagombe. Paris inagwa pa 14 June. Pa 22 June France inasaina pangano losiya nkhondo ku Compiègne, m'bogi ya sitima yomwe Germany inasainiramo kugonja kwake mu 1918.