Ukasiya Kunyamula Zitsulo, Minofu Sisanduka Mafuta

Anyamata ambiri onyamula zitsulo amakhulupirira kuti ukangosiya, minofu yonse ija imasanduka mafuta. Zimenezo sizingatheke. Maselo a m'thupi la munthu ali m'magulu akuluakulu anayi: otchinga monga apamwamba pa khungu, a minofu yoyendetsa ziwalo, a mitsempha yotumiza mauthenga, ndi olumikiza ziwalo. Mafuta ali m'gulu lomalizali, limodzi ndi mafupa ndiponso magazi, ngakhale ambiri sangaganizire zimenezo. Selo la mnofu silingasanduke la mafuta.

Chimene chimachitika n'chakuti minofu ikaleka kugwira ntchito yolemetsa imafota. Koma munthuyo amadyabe mitanda ya nsima yomwe ija, ndiye mphamvu ya chakudya imene thupi silinaigwiritse ntchito imasungidwa m'maselo a mafuta, mimba n'kuyamba kutuluka.