Kutumiza imelo kwa anthu khumi sikubweretsa ndalama

Uthenga uja wakuti mukatumiza imelo inayake kwa anthu khumi kampani ya za makompyuta ya Microsoft ikulipirani ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo lakhala likuzungulira kuyambira m'ma 1990. Imelo ilibe mwini mmodzi. Mukadina potumiza, kalatayo imapita ku seva (kompyuta yolandira ndi kutumiza maimelo) ya kampani imene munatsegulako adiresi yanu. Sevayo imayang'ana dzina lobwera pambuyo pa chizindikiro cha @ n'kukaitula ku seva ya wolandira, basi. Imelo yochoka ku Gmail kupita ku Yahoo sidutsa n'komwe ku Microsoft, ndiye Microsoft ingadziwe bwanji kuti mwaitumiza?

Chimene chimachulukadi ndi maadiresi a anzanu. Amaunjikana poyera pamwamba pa uthengawo, akuba a pa intaneti n'kumangotola. Dzina la wotumiza nalonso lisakupusitseni, wachinyengo akhoza kulembapo lililonse limene wafuna.