Tambala ndi nyali: mmene Dedza ndi Ntcheu adasiyanirana

Ku Ntcheu nkhondo yokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland idayamba Kamuzu asanabwere. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani adauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma la atsamunda, makamaka a malimidwe. Boma lidawachotsa pampando. Apolisi atafika ku Lizulu kudzawagwira, mfumuyo, yodwaladwala kale, idathawira kutsidya kwa Apwitikizi pamodzi ndi mbusa Michael Scott. Adawabweza, ndipo adamwalira mu 1954.

Anthu oona zotere ndi maso awo sukadawauza kuti Kongeresi ndi chipani wamba. Kamuzu atafika pa 6 July 1958, namangidwa pa 3 March 1959, ufulu ndi chipani zidasanduka chinthu chimodzi m'mitima mwawo. Wogwirizana ndi azungu ankatchedwa kapirikoni, dzina lolemera kuposa kutukwanidwa.

Vuto lidadza ufulu utapezeka. Nduna zitatsutsana ndi Kamuzu mu September 1964, zina mwa izo zodandaula za tiki (mapeni atatu) yolipira kuchipatala, zidasanduka zigawenga tsiku limodzi. Kuchokera apo, kung'ung'udza za khadi la chipani, lomwe ayufi ankaliitanitsa pakhomo la msika, kunali ngati kuitana azungu kuti abwerere. Mantha analipo, inde, koma tisanamizane: ambiri ankakhala chete chifukwa ankaona kuti kudzudzula tambala, chizindikiro cha chipani, ndi kulavulira manda a omwe adafera dziko. Pa ngodya zinayi za chipani zija (umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo), kukhulupirika ndi kumvera ndi zomwe zidameza zinzake.

Ntcheu idaphunzira mowawa kuti kukhulupirika sikuteteza munthu. Albert Muwalo Nqumayo, mwana wa komweko, amene ankayendetsa chipani ndi kuopedwa dziko lonse, adamangidwa mu 1976 nanyongedwa mu 1977 pa mlandu woukira boma. Focus Gwede, mkulu wa apolisi a Special Branch, naye wa ku Ntcheu, adalowa m'ndende pa mlandu womwewo. Ku Dedza zinali zina: John Tembo adakhalabe pafupi ndi Ngwazi mpaka kumapeto, ndipo anthu ankati chipani ndi chawo.

Pa riferendamu ya pa 14 June 1993, maboma awiri ogundana malire, olima mbatata ya kachewere yomweyo m'mbali mwa msewu wa M1, adayankha mosiyana. Dedza idasankha tambala wakuda, woimira ulamuliro wa chipani chimodzi. Ntcheu, kwawo kwa Gomani, idasankha nyali, yoimira zipani zambiri.