Kulera mwana wamng'ono mtima uli m'malo

Madandaulo ambiri amene makolo amabwera nawo kusikelo sakhala a matenda. Ndine namwino wa ana m'boma la Dedza, ndipo zomwe ndimamva tsiku ndi tsiku ndi izi: mwana sakudya, mwana sanayambe kuyenda pomwe mnzake wobadwa naye mwezi umodzi akuthamanga, mwana akungodzigwetsa pansi akakanizidwa kanthu. Ndikamuyeza, kawirikawiri ndimapeza kuti sikelo ikukwera bwinobwino, maso ali gwa, ndipo mwiniwakeyo ali kalikiliki kufuna kundilanda cholembera. Wofooka, wosagona tulo, amakhala mayi.

Nkhawa ya kholo ili ndi malo ake. Ana amadwaladi, ndipo kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno adali opinimbira. Koma nkhawa ikangogwera chilichonse, siyithandizanso. Mayi akamakuwa mofanana mwana akataya madzi ndi pamene wayandikira mbaula, mwanayo sadziwa choopsa chenicheni, ndipo pakapita nthawi mayiyonso amaleka kusiyanitsa. Kudekha kumene ndikunena pano kumabwera munthu akadziwa zoyenera kuzisiya ndi zoyenera kuthamanga nazo kuchipatala.

Za kuyenda sizifuna mawu ambiri. Mu 2006 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa zomwe lidapeza litatsata ana athanzi ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America. Ana amenewa adayamba kukhala okha pansi pakati pa miyezi 4 ndi 9, ndipo adayamba kuyenda osagwira kanthu pakati pa miyezi 8 ndi 18. Pafupifupi ana 4 mwa 100 sadakwawe n'komwe ndi manja ndi mawondo, koma adayenda. Ndiye zomwe mwamva pamjigo, kapena kanema wa mwana wa msuweni wanu amene mwaona pa WhatsApp, zisakusowetseni tulo. Mwana akafika chaka ndi theka asanayende, kapena akasiya kuchita chinthu chomwe ankachita kale, apo mubwere naye tidzamuone.

Nkhondo yaikulu ili pa mbale. Mwana wobadwa ndi makilogalamu 3 amakhala atafika 9 kapena 10 pokwanitsa chaka. Kuchoka apo thupi limachepetsa liwiro, amangowonjezera makilogalamu awiri kapena atatu pachaka, ndipo chilakolako cha chakudya chimatsika nacho. Mayi amene adazolowera kakhanda komaliza phala lonse amadabwa kuona mwana yemweyo akutembenuza nkhope atangodya masipuni ochepa. Mimba yake ndi yaing'ono. Wa chaka chimodzi mpaka ziwiri amakhuta ndi chakudya chodzadza kapu imodzi ya mamililita 250, mwinanso chosadzadza, ndiye amafunika kudya katatu kapena kanayi patsiku, ndi tina tapakatikati ngati nthochi kapena mbatata yophika, uku akuyamwabe.

M'midzi yathu ambiri tidakula tikuona kadyetsedwe aka: mwana amapanidwa pakati pa miyendo, phala lamadzimadzi lili pachikhatho cha mayi, chikhathocho chili pakamwa pa mwana, ndipo akalira phalalo limalowa. Amene amachita zimenezi amachitira chikondi, safuna mwana agone ndi njala. Koma mwana amene akulira akhoza kutsamwa, phala n'kulowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo. Komanso phala lothira madzi kuti limwedwe limadzadza mimba popanda chopatsa thupi. Akuluakulu adati fupa lokakamiza limaswa mphika. Mwana wodyetsedwa mokakamiza amayamba kuopa mbale, ndipo akangoona sipuni nkhondo yayambika.

Ntchito ya kholo ndi kusankha chakudya ndi nthawi yodyera. Kuchuluka kwa zomwe zilowe m'mimba amadziwa ndi mwana. Phala likhale lolimbirako, losayoyoka msanga pasipuni, mutathiramo nsinjiro, dzira, usipa wosinja kapena kamafuta pang'ono. Akhale ndi mbale yakeyake kuti muone zomwe wadya, chifukwa pambale imodzi ndi azikulu ake amangotola nyenyeswa. Khalani naye, mulankhuleni, mulekeni agwire ndi manja ngakhale adzipake mpaka m'makutu. Akakana, chotsani mbale mwakachetechete, mudzayesenso nthawi ina. Ndiwo yachilendo mwana akhoza kuikana kakhumi asanailandire, ndipo kukana nyemba lero sikutanthauza kuti sadzadya nyemba. Chinanso, muone zomwe wadya nthawi ya nsima isanakwane. Tizakudya ta m'mapepala ta kugolosale ndi zakumwa zotsekemera timapha njala, ndipo amene amagula nthawi zambiri ndi bambo kapena malume pofuna kusangalatsa mwana.

Woweruza pa nkhani ya kudya ndi mzere wa m'buku la kusikelo. Ukamakwera, mwana akudya zokwanira, kaya agogo akhutira kaya ayi. Ukaima kapena kutsika, musadikire mwezi wamawa.

Nanga kudzigwetsa pansi kuja? Kumachuluka pakati pa chaka ndi theka ndi zaka zitatu. Pa msinkhu uwu mwana amadziwa bwino chomwe akufuna, koma mawu oti anenere ndi ochepa, ndipo mbali ya ubongo yomwe imathandiza munthu kudzigwira, ili kuseri kwa mphumiyi, imakhwima mochedwa kwambiri, mpaka munthu atapitirira zaka makumi awiri. Mwana wa zaka ziwiri amene akugubuduka m'fumbi chifukwa mwamulanda mpeni sakukuyesani. Zamukulira. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti zimachitika pa nthawi zodziwika: ali ndi njala, ali ndi tulo, kapena watopa ndi tsiku lonse la kumsika wa ku Lizulu ali kumbuyo padzuwa. Malangizo a WHO a 2019 amati mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri azigona maola 11 mpaka 14 patsiku, kuphatikiza tulo ta masana, ndipo wa zaka zitatu kapena zinayi maola 10 mpaka 13. Ana ambiri amene amatchedwa ovuta amangokhala osagona mokwanira.

Zikayamba, onetsetsani kuti sadzipweteka, khalani pafupi, mawu akhale ochepa. Mpeniwo musamubwezere. Akatonthola munyamuleni, nkhani yatha. Kukwapula kumatontholetsa msanga, n'zoona, koma chomwe mwana wa msinkhu uwu amatolapo ndi mantha basi, ndipo mawa adzachitanso chifukwa chomwe chidamugwetsa pansi chikadalipo. Khanda lokha musaligwedeze mwaukali ngakhale litalira motani, popeza kutero kukhoza kuwononga ubongo wake. Mukaona kuti mtima wakwera, muikeni pamphasa pabwino, tulukani panja, kapena mupatseni wina. Ndipemphenso kanthu kamodzi m'malo mwa anamwino anzanga: lekani kuopseza ana kuti "ukapanda kumva ndikupititsa kwa anesi akakubaye". Tsiku la katemera timavutika ndife, ndipo mwanayo amavutika koposa.

Pali zinthu zomwe sindifuna kholo lililonse lidekhe nazo. Kuno kukazizira mu Juni ndi Julayi ana amaunjikana pamoto, ndipo ndi nyengo yomwe timalandira ana opsa ndi moto, phala lotentha kapena madzi osamba. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka. Utsi wake wosaoneka umapha anthu ali m'tulo. Ndowa yamadzi ndi chitsime chosavundikira zimamiza mwana woyamba kuyenda m'kanthawi kochepa, mopanda phokoso. Alimi a mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato, kuyambira ku Bembeke mpaka ku Tsangano, amasunga mankhwala opopera m'nyumba, nthawi zina m'mabotolo a zakumwa, ndipo mwana akaona botolo amaona chakumwa. Pa matenda, mwana amene akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akugwedezeka ngati wakhunyu, wafooka mosadzutsika, akupuma mofulumira nthiti zikulowa m'kati, kapena watentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mphamvu zomwe mukadathera pokalipira malaya odetsedwa muzisungire zimenezi.

Kusikelo ndimakonda kufunsa mayi kuti, "Amayi, mwanayu wachita chiyani chatsopano mwezi uno?" Ambiri amayamba aseka, funsolo n'lachilendo. Mayi wina adabwera ndi apongozi ake, ndipo adali atandiwerengera kale milandu yonse ya mwana wawo wa zaka ziwiri: sadya, amaluma anzake, wathyola chivundikiro cha poto. Nditafunsa funso langa lija adangoti zii. Apongoziwo ndiwo adayankha, akukonza chitenje: "Anesi, dzana lomweli wanditengera ndodo yanga pakhonde osamutuma. Amatinso akaona nkhuku zikudya chimanga pamphasa amazithamangitsa, akuti 'shi, shi'." Mayiyo adatembenuka kuyang'ana mwana wake, n'kuwonjeza kuti wayambanso kuvula yekha nsapato. Kwa ine zitatuzo zidandiuza zambiri: mwanayo amamva, amatsanzira, amazindikira chosowa cha munthu wina, manja ake akugwira ntchito. Mayi ake ankaziona zonsezi, kungoti sankaziwerengera.

Apa ndi pomwe kuyamikira kumalowera pa ntchito yolera. Maganizo a munthu wotopa amagwira msanga zolakwika n'kudumpha zabwino, ndiye pofika madzulo tsiku lonse limaoneka ngati linali la phala lotayika lokhalokha. Akatswiri awiri a ku America, Robert Emmons ndi Michael McCullough, adalemba mu 2003 za anthu omwe adauzidwa kuti sabata iliyonse azilemba zinthu zingapo zomwe akuthokoza, pomwe ena ankalemba zowasowetsa mtendere. Oyamba aja adapezeka okhutira ndi moyo wawo kuposa anzawowo. Adali ophunzira a kukoleji, osati amayi olima kudimba mwana ali kumbuyo, ndipo kuthokoza sikugula ufa. Komabe ine ndimakulimbikitsa pa chifukwa cha kuchipatala: kholo lozolowera kuona zomwe mwana wachita bwino lero ndi lomwenso limazindikira msanga tsiku lomwe mwana wasiya kusewera. Simufunika kope. Pogona, kapena popemphera madzulo, tchulani ziwiri kapena zitatu zenizeni za tsikulo, zing'onozing'ono: wamaliza nthochi, watchula dzina la mlongo wake, lero sitidakangane posamba.

Makolo ena amadziimba mlandu kuti sakhala odekha nthawi zonse. Palibe amene amatha. Katswiri wina wa za makanda, Edward Tronick, amene adayamba kufufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1970, adapeza kuti ngakhale mayi ndi khanda ogwirizana bwino amamvana ndendende pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a nthawi yomwe akucheza. Nthawi yotsalayo amaphonyana n'kupezananso, ndipo kupezananso kumeneko ndiko kumalimbitsa mwana. Mwakalipa mopyola? Mtima ukatsika muitaneni, mukhazikeni pamwendo, muuzeni kuti munakwiya koma zatha.

Mwananso amaphunzira kuthokoza, ndipo mwambo wathu uli nazo kale njira zake: kulandira ndi manja awiri, kuwomba m'manja, kupinda bondo. Wa zaka ziwiri kapena zitatu amachita izi motsanzira. Kumvetsa kuti munthu wadzimana kuti iye alandire kumabwera pambuyo, chakumsinkhu wa sukulu. Choncho mlendo akamupatsa bisiketi iye n'kubisala kuseri kwa chitenje chanu, musamulande kapena kumuchititsa manyazi pagulu. Thokozani inuyo m'malo mwake, iye akumva. Ndipo muzimuthokoza iyeyo. Akuluakulu ena amati mwana ukamamuthokoza amadzimva, koma taganizani, mawu amene sanawamvepo akunenedwa kwa iye adzawatenga kuti? "Zikomo, wandibweretsera chikho" imamuuza chenicheni chomwe wachita bwino, ndipo mudzaona akubweretsa chikho china chomwe simunachifune n'komwe.

Amamvetseranso momwe akuluakulu amalankhulirana. Bambo akasamba m'manja n'kunena kuti "Zikomo mayi, takhuta", mayi akathokoza agogo omwe atsala ndi mwana tsiku lonse la kumunda, kapena mlezi wa kumkombaphala amene nthawi zambiri amagwira ntchitoyo mongodzipereka, mwana amatola. Zikomoyo imapepukitsanso amene akulera. Mayi amene ntchito yake imaonedwa sapsa mtima msanga ngati amene amangomva zomwe sanachite. Koma abambo musathere pa mawu. Kumunyamula mwana kwa ola limodzi kuti mayi ake agone kumachita zomwe zikomo sangathe.

Pali amayi ena omwe zonsezi sizingawafike pamtima, ndipo si vuto la khalidwe. WHO imati m'mayiko ongotukuka kumene pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu amadwala matenda a maganizo akabereka, makamaka okhumudwa kwambiri. Ngati kwa masabata awiri kapena kupitirira mukungolira, simukugona ngakhale mwana atagona, chakudya sichikulowa, mwana sakukusangalatsani, kapena mukuganiza zodzipweteka kapena kumupweteka, kuuzidwa kuti "muziyamika, ena alibe ana" sikungakuchizeni. Amenewa ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo. Uzani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ngakhale pa tsiku la sikelo lomwelo mwana akangotsika pasikelo. Ngati mawu akukuvutani, bwerani ndi mchemwali wanu kapena amayi anu adzakuyambireni nkhaniyo.