Pulani yanu isanalowe mu pulota

Msika wa fodya ukangotsegulidwa, kuno ku Kasungu mapulani a nyumba amachuluka, aliyense akufuna amange ndalama zisanathe. Ndiye ambiri mumangotenga fulashi muli fayilo ya DWG n'kukauza opulinta kuti "ingondipulintirani pa pepala lalikulu". DWG si fayilo yopulinta ayi. Ndi fayilo yogwirirapo ntchito mu AutoCAD, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapulani, ndipo mmenemo nyumba timaijambula kukula kwake kwenikweni, khoma la mamita 12 limakhala mamilimita 12,000 ndithu. Kuti ikwane papepala, wojambula amayenera kuikonza kaye pa layout (tsamba la mu AutoCAD losonyeza mmene pulani ikhalire papepala), kusankha pepala, kuika sikelo, kenako n'kutulutsa fayilo ina yoti pulota, makina opulinta mapepala akuluakulu aja, iwerenge.

Pepala lomwe timaligwiritsa ntchito kwambiri pa mapulani opita ku khonsolo ndi A1, kukula kwake ndi mamilimita 594 ndi 841. A0 ndi 841 ndi 1189, A3 ndi 297 ndi 420. Izi n'zosavuta.

Pa sikelo ndi pomwe anthu amapwetekera. Pulani ya pansi nthawi zambiri imakhala 1:100, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pamalo omangapo, chitseko cha mamilimita 900 chimatuluka mamilimita 9. Koma mu AutoCAD muli kabokosi kolembedwa Fit to paper, kakachongedwa kokha basi, kompyuta imakoka kapena kufinya chojambula chonse kuti chidzaze pepala, pansi palembedwa 1:100 koma zoona zake n'zina, ndiye amisiri athu ena akasowa nambala pa pulani amangoika rula n'kuwerengetsa okha, mapeto ake chipinda chatuluka chochepa ndipo maziko akumbidwa kale. Chimodzimodzinso mukachepetsa A1 kukhala A3 pofuna kusunga ndalama, zonse zimachepa ndi theka, 1:100 ija yasanduka 1:200 koma zilembo zikunenabe zakale. Ine ndimati pulani iliyonse ikhale ndi scale bar, kamzere ka miyezo konga rula kojambulidwa pa pulanipo, chifukwa iyo imachepa limodzi ndi chojambulacho.

Mizere nayo ili ndi nkhani yake. Pa sikirini mumaona yofiira, yachikasu, yobiriwira, osati kukongoletsa ayi. Mapulota akale ankajambula ndi mapeni enieni, mtundu uliwonse unali ndi peni yake, ndipo mwambo umenewu unatsala mu kafayilo kotchedwa CTB komwe kamanena kuti mtundu wakuti utuluke wonenepa bwanji. Makoma timawapatsa mamilimita 0.5 kapena 0.7, mizere ya miyezo 0.18 kapena 0.25. Ofesi iliyonse ili ndi CTB yake, ndiye mukapita ndi DWG yokha kwa opulinta ku Lilongwe, CTB ija yatsala mu kompyuta ya wojambula. Mizere yonse imatuluka yofanana, khoma ndi zenera osasiyanitsika, wachikasu uja pa pepala loyera sawoneka n'komwe. Mafonti ndi zithunzi zolumikizidwa ku chojambulacho nazo zimatha kutsala.

Nanga mutenge fayilo yanji? Kale tinkapanga PLT, yolembedwa mu HP-GL/2 ya kampani ya Hewlett-Packard. Imagwira bwino, koma imapangidwa potengera pulota yomwe mwasankha, ikapita ku makina amtundu wina imatha kudulidwa m'mbali, komanso mwini nyumba sangathe kuitsegula pafoni kuti aone. Masiku ano PDF ndiye yabwino. Auzeni okujambulirani asankhe DWG To PDF, aike pepala la A1, layout ituluke 1:1 (osaikuza kapena kuichepetsa, poti sikelo ya pulani yaikidwa kale mmenemo), CTB yawo kapena ya monochrome, yotulutsa mizere yonse yakuda, ikhalepo, ndipo ayambe aona preview, chithunzi chosonyeza mmene pepala litulukire. Akamatumiza pa WhatsApp ikhale ngati document, screenshot ija ndi chithunzi chabe, mulibe sikelo, ikakulitsidwa manambala amafufutika.

PDF nayo ikhoza kuonongeka pomaliza penipeni. Wopulinta akasankha Fit m'malo mwa Actual size, sikelo yasintha pang'ono, ndi maso simungaone. Choncho pitani ndi rula m'thumba, apulinte kaye pepala limodzi, mupeze khoma lolembedwa 3000 (mamita atatu) muyeze, pa 1:100 likhale masentimita 3 ndendende. Likapanda kukwana, auzeni asinthe setingi asanapulinte makope enawo.